Mawu a befu amene amatayika pakhomo la chipatala ku Mbamba Bay

Pali dandaulo lina limene achinyamata amapita nalo kuchipatala n'kubwerera nalo kunyumba lili chomwecho. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 14, 15 kapena 17 amamva ngati mpweya sukufika pansi pa chifuwa. Amaukoka mwamphamvu, koma umathera m'njira. Pofuna kuukwanitsa amayasamula. Nthawi zina kuyasamulako kumafika ndipo amapeza mpumulo wa kanthawi, nthawi zina kumadukira pakati ndipo amayambiranso. Izi zimatha masabata, mwina miyezi. Thupi silitentha, satsokomola, ndipo womuyang'ana amaona munthu wamphamvu zake. M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nyasa ku Tanzania, mwana wotere amayamba wagwiritsidwa mwala ndi mawu, nkhani ya mankhwala isanafike n'komwe. Zimene akumva m'thupi zili ndi mayina ake omveka m'chilankhulo cha kwawo, koma mayinawo salowa naye m'chipinda cha adokotala. Nkhaniyi ikukhudza aliyense wolankhula Chinyanja, kaya ali ku Nkhotakota, ku Chipata, ku Lichinga kapena ku Mbamba Bay komweko.

Boma la Nyasa lidakhazikitsidwa mu 2012 pogawa boma la Mbinga, m'chigawo cha Ruvuma, ndipo likulu lake ndi Mbamba Bay, doko loyang'anana ndi Nkhata Bay kutsidya la nyanja. Kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 190,000 m'bomali. Dzikolo ndi lopapatiza: mapiri mbali imodzi, madzi mbali inayo. M'mphepete mwa nyanja mumamveka Chinyasa, Chimpoto ndi Chimanda, pamene kumapiri kuli Chimatengo. Chinyasa cha kumeneko ndi chapachibale ndi Chinyanja cha ku Likoma, ku Chizumulu, ku Cobué ndi ku Metangula. Ubale umenewu udalowanso m'mbiri ya zipatala. Mishoni ya Anglican ya UMCA, imene idakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880, inkalemba mabuku ake m'Chinyanja cha m'nyanja, ndipo mu 1902 Herbert Barnes adasindikiza buku la mawu a Chinyanjacho. William Percival Johnson, amene adayenda gombe lonse la kum'mawa kwa zaka zoposa makumi anayi, adamwalira ndi kuikidwa ku Liuli mu 1928. Ku Liuli komweko kuli chipatala cha St Anne's, ndipo kumpoto kwake, ku Lituhi, kuli chipatala cha Akatolika cha St Elizabeth.

Lero wachinyamata wa ku Mbamba Bay amakhala m'zilankhulo zitatu. Kunyumba, makamaka kwa agogo, amamva chilankhulo cha makolo. Kupulayimale adaphunzira m'Chiswahili, chimenenso ndi chilankhulo cha kumsika, cha pawailesi ndi cha kuchipatala. Kusekondale maphunziro a za thupi la munthu amawapeza m'Chingerezi. Wachipatala amene akumuona adaphunziranso ntchito yake m'Chingerezi, ndipo boma limatha kumutumiza kunyanjako kuchokera ku Mwanza, ku Moshi kapena ku Dodoma. Choncho ululu umene mwana adaumva m'chilankhulo chimodzi amaufotokoza m'chachiwiri, ndipo umalembedwa m'kaundula m'chachitatu. Pa malire aliwonse a chilankhulo china chake chimatsalira. Zimenezi si za ku Tanzania kokha. Ku Malawi kabuku ka kuchipatala kamalembedwa m'Chingerezi, ku Niassa ndi ku Tete zolemba za wodwala zimakhala m'Chipwitikizi.

Kutayika kwa mawu kumayambira pakhomo. Kuyasamula kuli ndi matanthauzo ake amene aliyense amawadziwa: njala, tulo kapena ulesi. Mwana akayasamula kawiri katatu mayi amamuuza kuti, “Pirira mwanangu, nsima ili pamoto.” Akayasamula m'kalasi aphunzitsi amaona mwano. Olankhula Chiswahili nawo amamva chimodzimodzi akamva kupiga miayo. Chotsatira chake mwanayo amaphunzira kubisa. Amatseka pakamwa ndi dzanja, amayang'ana kumbali, ndipo chizindikiro chimene chikadathandiza wachipatala chimasanduka chinthu chochititsa manyazi.

Anthu ambiri amakhulupiriranso kuti munthu amayasamula chifukwa mpweya wa okosijeni wachepa m'magazi. Mu 1987 katswiri wa ku America, Robert Provine, pamodzi ndi anzake adayesa chikhulupiriro chimenechi. Adapumitsa anthu okosijeni yekhayekha, kenako mpweya wochuluka kaboni dayokisaidi, ndipo kuyasamula sikudachepe kapena kuchuluka. Choncho kuyasamula kwa mwana wa befu sikuti thupi likudziwonjezera okosijeni lokha. Nthawi zambiri mwanayo amachita kukufunafuna, chifukwa ndi njira yokhayo imene wapeza yotambasulira chifuwa mpaka kumva kuti mpweya wafika. Pali kuyasamula kongobwera, ndipo pali kuyasamula kochita kusaka. Chinyanja chimasiyanitsa ziwirizi mosavuta, koma ndi ochepa amene amafunsa mwana kuti kwake ndi kuti mwa ziwirizi.

Chuma cha mawu a kupuma m'Chinyanja n'chachikulu kuposa mmene eni ake amaganizira. Befu ndi la munthu amene wathamanga kapena wakwera chitunda, ndipo akupuma wefuwefu. Phuma ndi kupuma kothamanga, kosakhazikika, n'chifukwa chake wochita zinthu mopupuluma amanenedwa kuti wachita mwaphuma. Kubanika ndi kwa munthu amene mpweya wamuthera ngati watsekeredwa m'nyumba ya utsi. Kutsamwa kumaloza pakhosi. Kuthina kwa chifuwa kumanena za kumangika, ngati wina wakulunga nsalu m'nthiti n'kukoka. Ena amati m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka, ena amati mukuimba mluzu. Kuusa moyo ndi kutulutsa mpweya wautali, kumene kumayendera limodzi ndi maganizo olemera. Mawu asanu ndi awiri amenewa sanena chinthu chimodzi, ndipo munthu wamkulu wa kumudzi sangawasinthanitse.

Azachipatala a kumayiko ena adazindikira kale kuti kusiyana kotereku ndi umboni wa matenda. Mu 1990 gulu la madokotala a ku Boston, mmene mudali Peggy Simon ndi Richard Schwartzstein, lidapatsa odwala mndandanda wa mawu ofotokozera kupuma movutikira kuti asankhe oyenera zimene akumva. Zidaoneka kuti odwala matenda osiyana amasankha mawu osiyana. A mphumu ankakonda kunena za kuthina kwa chifuwa, pamene a mtima wofooka ankanena za kubanika. Kuyambira pamenepo, kufunsa wodwala mawu enieni a befu lake kudakhala mbali ya ntchito ya dokotala wa mapapo. Chimene madokotala a ku Boston adachita kuchipanga ndi mndandanda, agogo a ku Liuli ali nacho kale pakamwa. Vuto ndi lakuti palibe amene amawapempha kuti achitulutse.

Mawuwa akamawoloka kupita m'Chiswahili amakumana ndi misampha imene wophunzira zilankhulo sangalephere kuiona. Zilankhulo ziwirizi n'zapachibale, ndipo mawu ena amawoloka bwinobwino: mphumu ndi pumu, chifuwa ndi kifua, chifuwa chachikulu ndi kifua kikuu. Koma ena amafanana nkhope yokha. Kubanika m'Chiswahili ndi kuwamba nyama kapena nsomba pamoto. Wofuna kunena za kupanikizika kwa chifuwa ayenera kunena kubanwa. Kuchoka m'Chiswahili ndi kutopa, choncho “mpweya ukuchoka” ndi “nimechoka” ndi madandaulo awiri otalikirana. Moyo m'Chiswahili ndi mtima, chiwalo chopopa magazi, moti kuusa moyo kukatembenuzidwa liwu ndi liwu kumamveka ngati nthenda ya mtima. Ndipo kupuma, kumene m'Chinyanja kumatanthauza kukoka mpweya komanso kuleka ntchito, Chiswahili chimakugawa pawiri: kupumua ndi kupumzika. “Sindikupuma bwino” angakhale mawu a wa mphumu, angakhalenso a munthu amene sakugona mokwanira.

Kunena zoona, mwana wobadwira ku Tanzania sangasokoneze mawuwa monga angachitire mlendo wochokera ku Likoma kapena ku Cobué amene wawoloka kudzafuna chithandizo. Chiswahili amachidziwa, mwina kuposa chilankhulo cha agogo ake. Ngozi yake ndi ina. Pozindikira kuti liwu la kwawo silimveka m'chipinda muno, ndipo alibe lofanana nalo pafupi, amathawira ku liwu lalikulu limene silingamuchititse manyazi: kifua. Liwu limeneli, monga chifuwa m'Chinyanja, limameza zonse. Ndi dzina la chiwalo, ndi dzina la kutsokomola, ndi dzina la chimfine chotsikira m'munsi, ndiponso ndi theka la dzina la TB. Likangotchulidwa, njira yake imadziwika: kuyeza malungo, kumvetsera m'chifuwa, mankhwala a chifuwa, kapena makapisozi a amoxicillin. Mwana amamwa, samva kusintha, ndipo kunyumba amayamba kuganiza kuti matendawa si a kuchipatala.

Msinkhu wake nawo umamuika pamalo ovuta. Zipatala za m'mayiko onse ozungulira nyanjayi zidakonzedwa mwanzeru kuti zipulumutse ana osakwana zaka zisanu ndi amayi oyembekezera. Wachipatala aliyense amadziwa kuti khanda la miyezi iwiri kufika 11 likamapuma maulendo 50 pa mphindi, kapena mwana wa chaka chimodzi kufika zinayi akamapuma maulendo 40, chibayo chili pafupi. Wa zaka 15 alibe tchati chotere pakhoma. Amaima pamzere wa akuluakulu, koma m'chipinda amalowa ngati mwana. Amapereka shikamoo, amayang'ana pansi, ndipo mayi kapena azakhali ndi amene amamulankhulira. Mayiyo amanena zimene waona ndi maso, osati zimene mwana akumva mkati. Mtsikana sangatchule za msambo wochuluka pamaso pa bambo ake, ndipo mnyamata sangavomere kuti amachita mantha usiku. Ulemu umene ndi chuma cha pakhomo umasanduka chotchinga pamene wodwala yekha ndiye mboni.

Chimene chili pachiswe n'chachikulu, chifukwa dandaulo limodzili lingachokere ku matenda osiyana kotheratu. Loyamba ndi mphumu. Bungwe la WHO lidawerengera kuti mu 2019 anthu 262 miliyoni adali ndi mphumu padziko lapansi, ndipo 455,000 adafa nayo, ambiri a iwo m'mayiko osauka. Kafukufuku wa ACACIA, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2024, adafunsa ana asukulu oposa 27,000 ku Blantyre, Harare, Durban, Kampala, Kumasi ndi Lagos. Oposa 3,000 adati m'chifuwa mwawo mudalirapo m'chaka chimenecho, koma mmodzi yekha mwa asanu alionse ndi amene adauzidwapo ndi achipatala kuti ali ndi mphumu. Imeneyo ndi mizinda yokhala ndi zipatala zazikulu. Ndipo vuto la mawu lidadziwika kale pa nthendayi: kafukufuku wa padziko lonse wa ISAAC, amene adayamba mu 1991, adachita kukonza kanema woonetsa anthu akupuma molira m'chifuwa, chifukwa zilankhulo zambiri zilibe liwu limodzi lofanana ndi la Chingerezi limene lidali pafunso.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa magazi, kumene kunyanja kuli ndi zitseko zambiri zolowera. Malungo obwerezabwereza amaphwanya maselo ofiira. Likodzo, limene Aswahili amati kichocho, limakhala m'nkhono za m'madzi osaya mmene ana amasamba ndi kuchapa, ndipo limatayitsa magazi pang'onopang'ono. Njoka za m'mimba zimachita chimodzimodzi. Mtsikana amene wangotha msinkhu amataya magazi mwezi ndi mwezi pa nthawi imene thupi lake likukula msanga. Palinso nthenda yobadwa nayo ya selimundu, monga amaitchulira ku Tanzania, dziko limene lili m'gulu la mayiko okhala ndi ana ambiri obadwa nayo. Mwana wochepa magazi amachita befu pokwera chitunda kapena posenza ndowa, mtima umagunda, amamva chizungulire, ndipo amayasamula chifukwa cha kutopa kwenikweni. Kuyeza magazi pobaya chala kumatha mphindi zochepa. Muyezo wa WHO umati mtsikana wa msinkhu umenewu akatsika pansi pa magalamu 12 ndiye kuti magazi achepa.

Chachitatu ndi mtima. Zilonda zapakhosi zimene sizidachizidwe ali wamng'ono zimatha kuyambitsa nthenda imene imatupitsa mfundo za mafupa n'kuwononga zitseko za mkati mwa mtima, ndipo zotsatira zake zimaonekera kwambiri pa msinkhu wa kusekondale. Mwana wotere amabanika akagona chagada, amafuna kutsamira pamwamba, ndipo mapazi amatha kutupa. Ikadziwika msanga, jakisoni wa penicillin wa mwezi ndi mwezi amateteza mtima kuti usawonongekenso. Pambali pa zimenezi pali TB, imene imabwera ndi kutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposa, kuwonda ndi thukuta la usiku. Palinso moyo wa pagombe weniweniwo. Mnyamata wopita kukawala usipa usiku, umene kumeneko amautcha dagaa, n'kukhala m'kalasi m'mawa, adzayasamula ndithu. Mtsikana wokhala tsiku lonse pa utsi wa nkhuni, kuphika ndi kuwamba nsomba, makamaka m'miyezi ya mwera pamene nyumba zimatsekedwa chifukwa cha kuzizira, mapapo ake amapsa mtima. Apa mawu awiri aja amakumana modabwitsa: kubanika kwa Chiswahili kumabala kubanika kwa Chinyanja.

Chomaliza, chimene chimafanana kwambiri ndi dandaulo la kuyasamula kochita kusaka, ndi kusokonekera kwa kapumidwe komwe. Mapapo ndi mtima zimakhala zabwino, koma munthu wazolowera kupumira pamwamba pa chifuwa, mothamanga kapena mozama kuposa mmene thupi likufunira. Kupuma mopitirira kumachotsa kaboni dayokisaidi wambiri m'magazi, ndipo zimenezi zimabweretsa chizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, ndi kugunda kwa mtima. Zizindikirozo zimaopsa, mantha amawonjezera kupuma, ndipo gudumu limazungulira. Kawirikawiri vutoli limakula munthu akakhala phee n'kumaganizira za mpweya wake, ndipo limaiwalika akamasewera mpira kapena akagona tulo. Nkhawa ndi imene imakonda kuliyambitsa: mayeso a boma a Fomu 2 ndi Fomu 4, imfa pakhomo, bwato limene silidabwerere, nkhanza zimene mwana sangazitchule. Ku Zimbabwe azachipatala adalemekeza liwu la Chishona lakuti kufungisisa, kuganiza mopitirira, mpaka lidalowa m'buku la matenda a maganizo la DSM-5 mu 2013, ndipo ntchito ya Friendship Bench imene Dixon Chibanda adayambitsa ku Harare idamangidwa pa mawu a anthu eni ake. Kuusa moyo ndi kuganiza kwambiri ndi mawu oyenera ulemu womwewo.

Pali chifukwa china chimene mawu a wodwala ali ofunika kuposa mmene zimaonekera. Kachipangizo kopana chala, koyeza okosijeni m'magazi, kafala kwambiri m'zipatala chichitikireni mliri wa COVID-19, ndipo kapulumutsa anthu ambiri. Koma kwa mwana wa dandaulo ili kangathe kusocheretsa. Wa mphumu amene sanagwidwe pa ola limenelo kamamuonetsa 98. Wochepa magazi kamamuonetsa 98, chifukwa kamayeza kudzaza kwa magazi amene alipo, osati kuchuluka kwake. Wa nkhawa kamamuonetsa 99. Ana atatu, matenda atatu, nambala imodzi. Wachipatala wotopa, amene panja pakumudikira anthu ambiri, angathe kunena kuti “huna tatizo”, ulibe vuto. Mawu amenewa ndi amene amapweteka kwambiri. Mwana amabwerera kunyumba atasanduka wabodza pamaso pa makolo amene adalipira ulendo, ndipo sadzadandaulanso kufikira zinthu zitafika poipa. Ngakhale vuto litakhala la kapumidwe ndi nkhawa, limenelo ndi vuto lenileni ndipo lili ndi chithandizo chake: kufotokozeredwa chimene chikuchitika, kuphunzira kupumira m'mphuno ndi m'mimba pang'onopang'ono, ndi kupeza munthu womukhuthulira za kukhosi.

Ena angatsutse kuti zonsezi ndi nkhani za anthu okonda zilankhulo, pamene chimene gombe la Nyasa likusowa ndi zipangizo, mankhwala opopera m'kamwa a mphumu, ndi antchito okwanira. Kusowa kumeneko n'koona, ndipo palibe liwu limene lingalowe m'malo mwa makina ounikira mtima. Koma kusowako ndi kumene kumakweza mtengo wa mawu. Kuchokera ku Mbamba Bay kukafika ku Mbinga ndi makilomita 66 a msewu wokwera mapiri, ndipo Songea, kumene kuli chipatala chachikulu cha chigawo, ndi Peramiho, kumene kuli chipatala cha amishoni a Benedictine, zili patsogolo pake ndithu. Banja la msodzi silingatumize mwana aliyense woyasamula ulendo umenewo. Wina ayenera kusankha amene apite ndi amene athandizidwe pafupi, ndipo kusankhako kumadalira kwambiri zimene wodwala wanena. Kumene makina ali ochepa, khutu la wachipatala ndilo chipangizo chachikulu.

Ena angadenso nkhawa kuti kukweza zilankhulo za mitundu kungasokoneze umodzi umene Chiswahili chidamanga ku Tanzania kuyambira nthawi ya Julius Nyerere. Umodzi umenewo ndi chinthu chimene mayiko oyandikana nawo amachisirira, ndipo palibe chifukwa chouchepetsera. Palibe amene akupempha kuti chipatala cha Mbamba Bay chileke Chiswahili. Pempho ndi laling'ono: kuti wachipatala, atamva kifua, afunse funso limodzi lowonjezera, lakuti, “Kunyumba mumati chiyani zimenezi?” Liwu limene mwana atchule lilembedwe mmene lanenedwera, ndipo afunsidwe tanthauzo lake. Namwino kapena wothandiza m'chipatala wobadwira komweko amakhala alipo nthawi zambiri, ndipo angathe kumasulira. Kenako mafunso ochepa amatsegula njira. Kodi vutoli limabwera pogwira ntchito kapena pokhala chete? Limadzutsa usiku? Mpweya ukukanika kulowa kapena kutuluka? M'chifuwa mumalira? Kuyasamulako kumabwera kokha kapena amachita kukusaka? Ndipo kwa mphindi ziwiri zokha kholo lipemphedwe mwaulemu kudikira panja. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo mwambiwu umagwira wofunsa matenda monga umagwirira wapaulendo.

Ntchito ina ndi ya olankhula Chinyanja eni ake, makamaka amene adaphunzira za zilankhulo, za unamwino ndi za uphunzitsi. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene bungwe la Centre for Language Studies ku Zomba lidatulutsa mu 2000, udasonyeza kuti chilankhulochi chingathe kudzifotokoza chokha. Mu 2001 bungwe la CASAS la ku Cape Town lidasindikiza kalembedwe kogwirizanitsa zilankhulo za ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ku Yunivesite ya Dar es Salaam akatswiri adatulutsa mapu a zilankhulo za Tanzania mu 2009. Komabe Anyasa a ku Ruvuma amakonda kuiwalika pokamba za Chinyanja, ngati kuti chilankhulocho chimathera pa malire a Mozambique. Chofunika tsopano si buku lalikulu. Ndi tsamba limodzi kapena awiri, mmene mawu a kupuma, a kugunda kwa mtima, a chizungulire ndi a nkhawa alembedwa monga amanenedwera ku Mbamba Bay, ku Liuli, ku Likoma, ku Metangula, ku Nkhotakota ndi ku Katete, pambali pake pali Chiswahili, Chipwitikizi ndi Chingerezi. Mawuwo atoledwe pakamwa pa odwala ndi okalamba, pamodzi ndi ziganizo zimene amawagwiritsiramo ntchito, ndipo azachipatala awaunike. Osayamba ndi Chingerezi n'kumasaka chofanana nacho, chifukwa njira imeneyo ndi imene idabala “kupuma movutikira”, mawu olondola koma ophimba kusiyana konse kumene befu, phuma ndi kubanika zimaonetsa.

Makolo ndi aphunzitsi ali ndi gawo losafuna ndalama. Mwana amene wakhala akuyasamula ndi kuusa moyo kwa masabata angapo, ngakhale atadya ndi kugona bwino, afunsidwe modekha chimene akumva, ndipo apite kuchipatala. Asanapite, alembe m'kope nthawi zimene vutolo limabwera, chimene amakhala akuchita, ndi mawu ake enieni ofotokozera, m'chilankhulo chilichonse chimene mawuwo abwerera. Ngati mankhwala oyamba sanathandize, abwererenso ndi kukanena zimenezo, ndipo sikulakwa kupempha kuti magazi ayezedwe. Koma pali zizindikiro zimene sizidikira mawa: kulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, milomo kapena lilime kusintha mtundu, kukomoka, kutsokomola magazi, kupweteka kwambiri pachifuwa, kapena kutupa mapazi ndi nkhope. Zikaoneka zimenezi, ulendo ndi wa nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Chilankhulo chimayesedwa mphamvu pa malo ngati amenewa. Ndakatulo, nyimbo ndi miyambi zimachikometsa, koma chimakhala ndi moyo ngati mwana wodwala angathe kuchigwiritsa ntchito pouza munthu wamkulu chimene chikumuvuta n'kumvedwa. Achinyamata a m'boma la Nyasa akamaona kuti mawu a kwawo amasekedwa m'kalasi ndipo alibe ntchito kuchipatala, adzawasiya, ndipo m'badwo wotsatira udzangotsala ndi kifua. Pamenepo chotayika sichidzakhala cha akatswiri a zilankhulo okha. Wa mphumu, wochepa magazi, wa mtima ndi wa nkhawa adzalowa m'chipinda chimodzi ndi liwu limodzi, ndipo onse anayi adzatuluka ndi botolo lofanana la mankhwala a chifuwa.